György Ligeti ndi zimene anaphunzira ku Africa: zokambirana za okonda nyimbo a mu Blantyre

Mphunzitsi wa nyimbo, Soche

Akuluakulu nonse a pagulu pano, ndikupempha kuti tikambirane za György Ligeti, wopeka nyimbo amene anabadwa pa 28 May 1923 ndi kumwalira ku Vienna pa 12 June 2006. Ndamusankha chifukwa chakuti mwa akatswiri a ku Ulaya a m'nthawi yake, iyeyu ananena poyera kuti kayimbidwe ka anthu a ku Africa kanasintha mapekedwe ake, ndipo mmodzi mwa anthu amene zolemba zawo zinamuthandiza ndi munthu amene ambiri a ku Chileka akumudziwa bwino. Tisanafike kumeneko, ndi bwino tidziwe kumene mkuluyu anachokera.

Ligeti anabadwira m'tauni imene lero imatchedwa Târnăveni, m'chigawo cha Transylvania ku Romania, m'banja la Ayuda olankhula chinenero cha ku Hungary, ndipo anakulira mumzinda wa Cluj. Mtima wake unali pa sayansi ndi masamu, koma malamulo osala Ayuda sanamulole kuchita maphunzirowo ku yunivesite, motero m'chaka cha 1941 anakalembetsa kusukulu ya nyimbo, kumene anaphunzitsidwa ndi Ferenc Farkas. Mu 1944 anatengedwa kukagwira ntchito yokakamizidwa pansi pa asilikali a Hungary. Bambo ake anafera kumsasa wa Bergen-Belsen, mng'ono wake Gábor anafera ku Mauthausen, ndipo mayi ake ndi amene anabwerako amoyo kuchokera ku Auschwitz. Nkhondo itatha anakapitiriza maphunziro kusukulu yaikulu ya nyimbo ya ku Budapest, anamaliza mu 1949, anayenda m'midzi ya ku Romania kulemba nyimbo za anthu akumudzi, ndipo kuyambira 1950 mpaka 1956 anali mphunzitsi pasukulu yomweyo.

Woyimba limba, Limbe

Aphunzitsi, zikomo potitsegulira nkhaniyi. Ine ndinamudziwa Ligeti kudzera m'nyimbo 11 za piyano zotchedwa Musica ricercata, zimene anapeka pakati pa 1951 ndi 1953. Lamulo limene anadziikira ndi losavuta kulifotokoza. Nyimbo yoyamba ili ndi mawu (manotsi) awiri okha, A ndi D, ndipo D amangomveka kumapeto kwenikweni. Yachiwiri ili ndi mawu atatu, yachitatu anayi, kumawonjezera limodzi nthawi iliyonse mpaka yomaliza, imene ili ndi mawu onse 12. Woyimba wamba akapatsidwa liwu limodzi amatopetsa omvera msanga, koma mkuluyu amaliyendetsa liwulo m'munsi ndi m'mwamba mwa piyano, kulifulumiza ndi kulitsindika m'malo osayembekezeka, kotero kuti chimene chimakugwira ndi kagundidwe kokha. Ndikutchula zimenezi kuti pamene tidzafika pa za Africa tikumbukire kuti chidwi chake pa kagundidwe chinalipo kale ali mnyamata.

Nyimbozi anazipeka kuti azisunge m'kabati, popeza boma la chikomyunizimu silikanalola kuti ziyimbidwe. Ngakhale Concert Românesc ya 1951, imene maziko ake ndi nyimbo zakumudzi zomwe bomalo linkati limazikonda, inaletsedwa oyimba atangoiyeserera, ndipo sinamveke pagulu mpaka 1971. Zisanu ndi imodzi mwa nyimbo za piyano zija anazikonzanso kuti ziyimbidwe ndi zida zisanu zowuzira, ndipo pamene zinayimbidwa ku Budapest mu 1956 yomaliza inasiyidwa chifukwa akuluakulu anaiona kuti ndi yoopsa.

Mkulu wopuma ntchito, Chilomoni

Ife amene tinakhalapo m'nthawi ya chipani chimodzi, pamene lamulo la 1968 linakhazikitsa bungwe lounika mabuku, mafilimu ndi nyimbo, sitidabwa kumva kuti boma linaletsa nyimbo. Koma kwathu kuno chimene ankaopa ndi zimene nyimbo ikunena, kapena dzina limene yatchula. Apa mukunena za nyimbo ya zida zokhazokha, yopanda munthu wolankhula kanthu. Aphunzitsi, tandifotokozerani chimene chinali choopsa m'nyimbo yotereyi.

Mphunzitsi wa nyimbo, Soche

Bambo, kuyambira 1948, pamene chipani cholamula ku Soviet Union, motsogozedwa ndi Andrei Zhdanov, chinadzudzula opeka nyimbo monga Shostakovich ndi Prokofiev, mayiko onse amene anali pansi pa Moscow anatengera chiphunzitso chakuti nyimbo iyenera kumveka msanga kwa munthu wamba ndi kumulimbikitsa pa ntchito yomanga dziko. Nyimbo iliyonse yokhala ndi mawu owombana kwambiri inkatengedwa ngati chizindikiro chakuti mwini wake watengeka ndi mayiko a kumadzulo. Ngakhale nyimbo zina za Béla Bartók, amene anthu a ku Hungary amamunyadira, zinaleka kuulutsidwa pa wailesi.

Anthu a ku Hungary ataukira boma mu October 1956, asilikali a Soviet Union analowa mu Budapest ndi akasinja kumayambiriro kwa November. Mu December Ligeti anathawa pamodzi ndi Vera, mayi amene anakhala naye pabanja mpaka kumwalira kwake, mbali ina ya ulendo pa sitima ndipo mbali yotsala wapansi, mpaka kuwoloka malire a Austria. Kumayambiriro kwa 1957 anafika ku Cologne, kumene wopeka nyimbo mnzake Karlheinz Stockhausen anamulandira, ndipo anagwira ntchito m'situdiyo ya wailesi yopangiramo nyimbo ndi makina amagetsi. Kumeneko anapanga Artikulation mu 1958, koma sanakhalitse pa makinawo. Chimene anatengako ndi nzeru yakuti mawu ambirimbiri akasanjikizana moyandikana kwambiri, khutu limaleka kuwamva limodzilimodzi n'kuyamba kumva chinthu chimodzi chachikulu chimene chikusintha pang'onopang'ono.

Nzeru imeneyi anaipititsa ku okestra. Mu Atmosphères, imene inayimbidwa koyamba ku Donaueschingen pa 22 October 1961 motsogozedwa ndi Hans Rosbaud, aliyense mwa oyimba 56 a zida za nsambo ali ndi mzere wakewake wa manotsi. Mulibe nyimbo yoti munthu n'kuyimba m'kamwa, ndiponso mulibe kugunda koti n'kuombera m'manja. Omvera a tsiku limenelo anapempha kuti ibwerezedwe, ndipo kuyambira pamenepo dzina lake linamveka ku Ulaya konse.

Mayi wotsogolera kwaya, Ndirande

Aphunzitsi, ine ndamvetsera Lux aeterna, imene anapeka mu 1966, ndipo ndiyankhula monga munthu amene ntchito yake ndi kuimirira kutsogolo kwa kwaya ya mpingo. Nyimboyi ndi ya anthu 16, anayi pa sopulano, anayi pa aluto, anayi pa tenala ndi anayi pa besi, opanda chida chilichonse, ndipo mawu ake ndi a Chilatini ochokera m'Misa ya maliro. Amayi amayambira pa liwu limodzi la F, kenaka aliyense amayenda m'mawu omwewo amene anzake akuyendamo koma pa liwiro lakelake, mwakuti wina akamafika pa liwu lachitatu mnzake akadali pa lachiwiri, ndipo onse amayenera kulowa mofewa kuti womvera asadziwe pamene munthu wayambira.

Chimene chandiopsa ndi ichi. M'makwaya athu timadalira kutsamirana: pa aluto pamakhala mayi mmodzi wodziwa, ndipo ena onse amamutsatira ndi khutu. M'nyimbo iyi mulibe wotsamira pa mnzake, chifukwa amene waima pafupi nawe akuyimba liwu loyandikana kwambiri ndi lako, limene likukukoka kuti usokere. Ndikuvomereza kuti ndi luso lalikulu, koma sindinganame kuti yanditonthoza monga mmene nyimbo za maliro za kwathu zimachitira. Mwina sanafune kutonthoza munthu. Iye sanali Mkhristu, komabe pakati pa 1963 ndi 1965 anapeka Requiem, nyimbo ya Misa ya maliro, ndipo munthu ukadziwa zimene zinachitikira bambo ake ndi mng'ono wake, sudabwa kuti chigawo cha tsiku la chiweruzo chikumveka ngati anthu ogwidwa ndi mantha enieni.

Wophunzira, Chichiri

Mayi, nyimbo mwatchulazi ambiri a ife tinazimva tisanadziwe mwini wake. Stanley Kubrick anaika Atmosphères, Lux aeterna, chigawo cha Requiem ndi Aventures m'filimu ya 1968 yotchedwa 2001: A Space Odyssey, Ligeti asanafunsidwe, ndipo Aventures anachita kuisintha ndi makina. Mkuluyu anakwiya, nkhaniyo inapita kwa maloya ndipo inatha pogwirizana ndi kampani ya MGM, ngakhale kuti filimuyo ndi imene inafikitsa nyimbo zake kwa anthu amene sakanapondako m'holo ya okestra. Kubrick anagwiritsanso ntchito nyimbo zake m'mafilimu ake a 1980 ndi 1999.

Ndikufunanso tisamuone ngati munthu wa nkhope yokwinya nthawi zonse. Mu 1962 anapeka Poème symphonique, imene zida zake ndi ma metronome 100, tizipangizo tija towerengera liwiro la nyimbo. Onse amawatchera pa liwiro losiyanasiyana, n'kuwasiya agunde mpaka aliyense athe mphamvu. Poyamba pamamveka phokoso lokhalokha, koma ena akamaima, otsalawo amayamba kupanga magundidwe omveka, mpaka kutsala mmodzi. Itayimbidwa mu 1963 pamwambo wa akuluakulu ku Hilversum, m'dziko la Netherlands, olemekezekawo anakhumudwa kwambiri kotero kuti wailesi ya kanema imene inajambula mwambowo inaonetsa mpira m'malo mwake.

Mkulu wopuma ntchito, Chilomoni

Mwanangu, wachita bwino kutchula za Kubrick, chifukwa pamenepo ndi pamene pagona funso langa. Mkuluyu anadandaula kuti munthu wina watenga nyimbo zake osapempha, ndipo anali ndi maloya omuyankhulira. Aphunzitsi atiuza kuti iyenso anatenga kanthu kwa anthu a ku Africa. Kodi iwowo anawapempha? Kodi analandirapo chiyani? Ndisanaweruze ndikufuna kumva bwinobwino chimene anatenga ndi mmene anachitengera.

Mphunzitsi wa nyimbo, Soche

Bambo, ndifotokoza mwatsatanetsatane. Ligeti anali pulofesa ku Hamburg kuyambira 1973 mpaka 1989. Atamaliza sewero lake loyimba lotchedwa Le Grand Macabre, limene linaonetsedwa koyamba ku Stockholm mu 1978, anakhala zaka zingapo osatulutsa nyimbo yaikulu. Njira ya anzake a ku Cologne anaiona kuti nayonso yasanduka lamulo lomanga anthu, ndipo kubwerera ku mapekedwe akale a ku Ulaya sanakufune. Zinthu ziwiri zinamutulutsa m'vutoli. Choyamba, anapeza zimbale za Conlon Nancarrow, wa ku America wokhala ku Mexico, amene ankaboola mapepala a piyano yodziyimba yokha kuti iyimbe maliwiro angapo nthawi imodzi, zimene manja a munthu sangathe. Chachiwiri, mu 1982 wophunzira wake Roberto Sierra, wa ku Puerto Rico, anamumvetsera chimbale cha nyimbo za anthu a mtundu wa Banda Linda a ku Central African Republic, zimene anajambula Simha Arom.

Arom anali woyimba lipenga m'okestra ku Israel, ndipo anapita ku Bangui mu 1963 atatumidwa kukakhazikitsa bandi ya malipenga, koma zimene anamva kumeneko zinamusandutsa wofufuza za nyimbo moyo wake wonse. M'magulu a malipenga a Abanda Linda, amene amatha kufika anthu 18, lipenga lililonse limatulutsa liwu limodzi, ndipo munthu aliyense amawuza lake m'mipata imene anzake asiya. Nyimbo imene womvera akumva palibe munthu mmodzi amene akuiyimba; imabadwa pamene onse alukana. Ligeti anaona kuti pansi pa zonsezi pali kugunda kofulumira kwambiri, kofanana kuyambira poyamba mpaka pomaliza, ndipo palibe kugunda koyamba kwamphamvu kumene nyimbo za ku Ulaya zimabwererako nthawi ndi nthawi. Woyimba aliyense amasonkhanitsa tizigawo ta kugundako m'magulu akeake, wina atatuatatu, wina anayianayi, wina asanuasanu. Apa anapeza yankho la funso limene Nancarrow anamusiyira: munthu wamoyo angathe kupangitsa khutu kumva maliwiro angapo nthawi imodzi ngati onse akuchokera pa kugunda kumodzi kofulumira.

Sanakopere nyimbo za Abanda Linda m'zopeka zake. Anatenga kamangidwe kake. Ndipo sanabise, pakuti buku lalikulu la Arom litatuluka m'Chingerezi mu 1991, mawu oyamba analemba ndi Ligeti, akufotokoza zimene anaphunzira.

Mbadwa ya ku Chileka

Aphunzitsi, mundilole ndiwonjezere za munthu amene munamutchula mophiphiritsa poyamba uja. Gerhard Kubik, amene anabadwira ku Vienna mu 1934, anaphunzira kuyimba amadinda ku Uganda kwa Evaristo Muyinda, katswiri wa nyimbo za kubwalo la Kabaka, mfumu ya Abaganda. Amadinda ndi chida cha mitengo 12 yosemedwa. Anthu awiri amakhala moyang'anana, wina amamenya mndandanda wake wa mawu mosadukiza, winayo amamenya wake pakati penipeni pa kumenya kwa mnzake, ndipo liwiro limakula kwambiri kotero kuti khutu silingathenso kutsatira dzanja la aliyense. M'malo mwake limadzipatulira lokha tinyimbo tina, ta mawu a m'munsi patokha ndi ta m'mwamba patokha, timene palibe amene akutimenya mwadala. Woyimba wachitatu amamvetsera kanyimbo kotuluka pa mitengo iwiri ya m'munsi n'kukabwereza pa iwiri ya m'mwamba. Kubik analemba zambiri za tinyimbo tobisika timeneti, ndipo Ligeti anawerenga zolembazo n'kumazitchula pofotokoza nyimbo zake za piyano.

Kubik yemweyu ndi amene anakumana ndi Daniel ndi Donald Kachamba mu 1967, n'kukhala mnzawo wa pamtima wa banja la kwa Singano ku Chileka, mpaka kumayimba nawo kwela m'mayiko a kunja. Daniel anamwalira mu 1987 ndipo Donald mu 2001, koma ntchito yojambula ndi kusunga nyimbo za kwathu inapitirira ndi Moya Aliya Malamusi. Ligeti anatchulapo kayimbidwe ka ku Uganda ndi ka mayiko ena, kuphatikizapo Malawi, komabe tisamuveke nyimbo za ku Chileka. Mfundo yanga ndi yakuti kalukidwe komweko tili nako. Mangolongondo a Ayao, amene mitengo yake amaiyala pa mathunthu a nthochi, amamenyedwanso ndi anthu okhala moyang'anana. Kuchigwa cha Shire ndi ku Tete kuli gule wa nyanga, m'mene munthu aliyense ali ndi timabango take towerengeka, amawuza ndi kuyimba ndi pakamwa mosinthanitsa, kwinaku akuvina, ndipo nyimbo imakwanira pokhapokha bwalo lonse likakhalapo.

Mayi wotsogolera kwaya, Ndirande

Achimwene a ku Chileka, mwandifotokozera chinthu chimene ndinkachidziwa ndi thupi koma ndisanachiganizepo. Amayi atatu akamasinja chimanga mumtondo umodzi, aliyense amangokweza ndi kutsitsa munsi wake pa liwiro lake losavuta, koma wodutsa panjira amamva kugunda kofulumira kumene palibe mayi mmodzi amene akukupanga, ndipo wina akachedwa pang'ono misi imawombana. Ngati zimenezi ndi zimene pulofesa wa ku Hamburg anazizwa nazo, ndiye kuti ndayamba kumumvetsa. Funso langa kwa achimwene a ku Limbe ndi lakuti zimenezi anazichita bwanji pa piyano, pamene woyimba ndi mmodzi.

Woyimba limba, Limbe

Mayi, yankho lili m'nyimbo 18 za piyano zotchedwa Études, zimene anapeka kuyambira 1985 mpaka 2001 m'mabuku atatu. Buku loyamba, la nyimbo zisanu ndi imodzi, linamupatsa mphoto ya Grawemeyer mu 1986. Nditenge yoyamba, Désordre. Dzanja lamanja limamenya makiyi oyera okhaokha, lamanzere akuda okhaokha. Manja onse awiri amathamanga pa kugunda kumodzi kofulumira kosadukiza, ndipo pamwamba pa kugundako dzanja lililonse limatsindika mawu ena, m'magulu a atatu ndi asanu, amene amapanga nyimbo yomveka. Poyamba manja amatsindika pamodzi. Kenaka dzanja lamanja limayamba kudumpha kugunda kumodzi nthawi ndi nthawi, motero limatsogola pang'ono, kenaka kwambiri, mpaka womvera amakhulupirira kuti pali oyimba awiri amene asiyana liwiro, chonsecho zala zonse zikuyendera kugunda kumodzi. M'nyimbo yachisanu ndi chimodzi, Automne à Varsovie, kanyimbo kotsika ngati kulira maliro kamamveka pa maliwiro atatu kapena anayi nthawi imodzi.

Komabe pali kusiyana kumene ndikuona kuti n'kofunika pa funso la Bambo a ku Chilomoni. Pa mangolongondo kapena pa malipenga aja, nyimbo imazungulira n'kubwerera pamene inayambira, ndipo ikhoza kupitirira malinga ngati anthu ali ndi mphamvu, chifukwa cholinga n'chakuti anthu akhalemo ndi kuvina. Kwa Ligeti chozunguliracho sichibwerera pamalo pake. Chimapotoka, chimapanikizika, chimathamangira kumapeto kwa makiyi, n'kuthera pomwepo. Ndiponso ntchito imene kwathu imagawidwa kwa anthu ambiri iye anaisenzetsa munthu mmodzi, n'chifukwa chake nyimbozi zili m'gulu la zovuta kwambiri zimene zinalembedwapo za piyano. Ine ndimatha kuyimba mizere yoyamba yokha ya Désordre, ndipo pang'onopang'ono. Munthu wa ku Bangui atazimva sangati ndi nyimbo ya kwawo. Zimanunkha Chopin, Debussy ndi Bartók, ndiponso mantha a munthu amene anaona zinthu zikugwa kawiri m'moyo wake.

Wophunzira, Chichiri

Ndikugwirizana ndi achimwene a ku Limbe kuti nyimbozo ndi zake, koma funso la Bambo silinathe. Mu 2003, chaka chimene Ligeti anakwanitsa zaka 80, kunatuluka chimbale chotchedwa African Rhythms, m'mene woyimba piyano Pierre-Laurent Aimard akuyimba zina mwa Études, pamodzi ndi nyimbo za Steve Reich, wopeka nyimbo wa ku America, mosinthanasinthana ndi nyimbo za anthu a mtundu wa Aka a ku Central African Republic. Cholinga chinali chabwino, kuti womvera adzimvere yekha ubale wake. Koma pachikuto pali mayina a Ligeti, Reich ndi Aimard, aliyense payekha, pamene oyimba a ku Africa akutchulidwa ndi dzina la mtundu wawo basi. Wa ku Ulaya ndi wopeka, ali ndi dzina ndi chaka chimene anapekera. Wa kwathu ndi mwambo chabe. Chonsecho Kubik anasonyeza kuti nyimbo za amadinda zinachita kupekedwa mwaluso ndi anthu odziwa chimene khutu lidzamve.

Mkulu wopuma ntchito, Chilomoni

Mwanangu, wanena zimene zinali kukhosi kwanga. Ndamva tsopano kuti mkuluyu sanabe nyimbo ya munthu, ndipo ndikumulemekeza chifukwa anatchula kumene anaphunzira, zimene ambiri sachita. Koma taonani mmene ulemu unayendera. Ligeti anathokoza Arom ndi Kubik, amene ndi anzake a ku Ulaya, ndipo mayina a owuza malipenga aja sitikuwadziwa pagulu pano ngakhale limodzi. Lamulo lathu la za umwini wa zopekapeka, limene COSOMA imayendetsa, limateteza nyimbo ndi magule a makolo, koma palibe lamulo limene lingateteze njira yolukira mawu, ndipo njirayo ndi imene inali ya mtengo wapatali.

Mphunzitsi wa nyimbo, Soche

Bambo, pa za mayina ndikugwirizana nanu kwathunthu, ndipo n'chifukwa chake ndinakondwa achimwene a ku Chileka atatchula Evaristo Muyinda, amene Kubik sanaleke kumutchula monga mphunzitsi wake. Koma pa za njira ndisiyana nanu. Kuyimba m'mawu anayi ndi manotsi a solofa zinabwera kuno ndi amishoni, zinamveka m'tchalitchi cha St Michael and All Angels chimene chinamalizidwa mu 1891, ndipo lero makwaya a mu Blantyre amapeka nazo nyimbo zimene munthu wa ku Scotland sangazizindikire kuti zinachokera kwawo. Palibe amene amatilipiritsa, ndipo n'koyenera kutero. Njira ya kayimbidwe ikatsekeredwa kuti ndi ya mtundu umodzi, oyamba kuvutika tikhala ife.

Chimene ndimamuyamikira Ligeti ndi chakuti anaitenga nyimbo ya ku Africa monga nzeru yoti aiphunzire. Ena asanabwere iye ankangothira ng'oma m'okestra kuti imveke yachilendo. Iye anafunsa mmene chinthucho chinamangidwira, ndipo yankho linasintha nyimbo zake zonse zotsatira, kuphatikizapo konsati ya piyano imene anamaliza mu 1988 ndi ya vayolini ya kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990. Mwana wake Lukas, amene anabadwa mu 1965 ndipo ndi wopeka nyimbo komanso woyimba ng'oma, anachita kubwera yekha kudzagwira ntchito ndi oyimba a ku Côte d'Ivoire ndi ku Burkina Faso.

Mkulu wopuma ntchito, Chilomoni

Aphunzitsi, chitsanzo cha amishoni ndachimva, koma sichikufanana kwenikweni. Amishoni anabwera okha kudzatiphunzitsa solofa chifukwa ankafuna kuti tiyimbe nyimbo zawo, ndipo ife sitinalandire mphoto ya dziko lonse chifukwa cha solofayo. Apa wophunzira ndi amene anatchuka, aphunzitsi ake n'kutsala osadziwika. Sindikuti Ligeti ndi wolakwa pa zimenezi, popeza si iye anakonza dziko kuti likhale chomwechi, koma sindivomera kuti nkhaniyi ndi yofanana mbali zonse. Désordre ija ndaimvetsera, ndipo ndinene zoona, yandisangalatsa kuposa nyimbo za kwaya zimene Mayi anatchula.

Mayi wotsogolera kwaya, Ndirande

Lux aeterna kwaya yanga singaiyese, koma njira ya malipenga ija ndikufuna kuiyesa pa pulakatisi ya Loweruka. Ndikuganiza zotenga kolasi imene aliyense amaidziwa, n'kupatsa gulu lililonse liwu limodzi lokha kuti liziliyimba nthawi yake ikakwana. Achimwene a ku Limbe, kodi ndiyambe ndi magulu angati, ndipo ndiwawerengere bwanji kuti asasokonezeke?

Woyimba limba, Limbe

Mayi, sankhani kolasi ya mawu asanu okha, d, r, m, s ndi l, kuti magulu akhale asanu, ndipo gulu lililonse likhale ndi anthu osachepera awiri. Musawawerengere ndi dzanja monga mumachitira pa nyimbo za m'buku, chifukwa akamadikira chizindikiro chanu adzalowa mochedwa. Muike munthu mmodzi agwedeze chisekese mofulumira ndi mosasintha, onse ayambe ayimba kolasi yonse pamodzi kangapo, kenaka aliyense azingotulutsa liwu lake lokha, otsalawo aziwayimbira mumtima. Vuto limene mudzakumane nalo ndi lakuti anthu adzafuna kulikoka liwu lawo mpaka kulowa m'malo a anzawo, choncho muwauze kuti lizikhala lalifupi. Mukandiuza kolasi imene mwasankha, ndikulemberani manotsi a gulu lililonse papepala lakelake Lachisanu lisanafike.